Mutu 9: Ndalama za mu Envelopu

Pepala la ndalama ya ku America limalemera pafupifupi galamu imodzi, kaya ndi la dola imodzi kaya la madola 100. Likapindidwa bwino n'kulowetsedwa pakati pa kalata, sikelo ya pa positi ofesi siizindikira n'komwe kuti mwalowa kanthu. N'chifukwa chake chiyambireni makalata kuoloka malire, anthu akhala akubisamo ndalama: agogo a ku Manchester kutumizira mdzukulu wawo ku Toronto mphatso ya Khirisimasi, mnyamata wa ku migodi ya Johannesburg kutumizira mayi ake ndalama ya msonkho, wosonkhanitsa masitampa kulipira mnzake wa kunja madola asanu.

Onsewa nkhawa yawo ndi imodzi. Ndalama yambiri siisowa njira, banki imailandira ndi manja awiri. Imene imavutika ndi yochepa. Tiyerekeze kuti mtengo wotumizira ndi madola 5. Wotumiza madola 500 wataya gawo limodzi lokha pa magawo 100 alionse, pomwe wotumiza madola 20 wataya kotala ya ndalama yake yonse. Munthu wotereyu akayang'ana envelopu ndi sitampa amaona njira yotchipa, ngakhale akudziwa kuti ndalamayo ikasowa alibe woti akamugwire dzanja. Kwa zaka pafupifupi 200, a zamtokoma akhala akulimbana ndi nkhani imeneyi: kuitulutsa ndalama mu envelopu, koma osamutsekera njira munthu amene ali ndi zochepa.

Kalata itatchipa, akuba anachuluka

Chaka cha 1840 chisanafike, kutumiza kalata ku Britain kunali kwa anthu opeza bwino. Mtengo unkawerengedwa potengera kutalika kwa ulendo ndi kuchuluka kwa mapepala, ndipo kawirikawiri wolipira ankakhala wolandira. Rowland Hill ndiye anakakamira kuti kalata iliyonse yopepuka izilipiridwa peni imodzi, ndipo mu Meyi 1840 kunatuluka sitampa yoyamba padziko lapansi, Penny Black. Makalata anachuluka kuchoka pa 76 miliyoni mu 1839 kufika pa 169 miliyoni chaka chotsatira. Antchito a m'nyumba, a m'mafakitale ndi asilikali anayamba kulembera kwawo, ndipo ambiri ankaponyamo kandalama kachitsulo.

Ndalama yachitsulo siibisika. Wosankha makalata akangoigwira envelopu, chala chimamuuza zomwe zili m'katimo. Kuba m'makalata kunali mlandu waukulu, moti mpaka m'zaka za m'ma 1830 wogwidwa ankatha kunyongedwa, komabe makalata ankasowa ndithu. Ofufuza a positi anafika pomatumiza makalata a msampha okhala ndi ndalama yoikidwa chizindikiro, kuti aone kalaliki amene ipezeke m'thumba mwake.

Anthu nawo anali ndi nzeru zawo. Wofuna kutumiza ndalama yapepala ankaidula pakati ndi sizasi, n'kutumiza theka limodzi. Mnzakeyo akayankha kuti lafika, m'pamene ankatumiza theka lachiwiri, ndipo banki inkalandira zidutswa ziwirizo zikalumikizidwa. Wakuba amene wagwira theka limodzi ankatsala ndi pepala lopanda ntchito.

Mu 1841 positi ya ku Britain inayambitsa kalata yolembetsa, ija ambiri amaitcha ya rejisitala. Kalata yotere imapatsidwa nambala, ndipo aliyense woilandira pa ulendo wake amasainira, kotero kuti ikasowa zimadziwika kuti yasowera m'manja mwa yani. Poyamba mtengo wake unali shileni imodzi, kuwirikiza ka 12 mtengo wa kalata wamba, choncho osauka anapitiriza kuponya ndalama zawo m'makalata osalembetsa. Pofika mu 1862 akuluakulu a positi analamula kuti kalata iliyonse imene yapezeka ndi ndalama yachitsulo izilembetsedwa mokakamiza, wolandirayo n'kulipitsidwa.

Pepala liyende, ndalama itsale

Yankho lenileni linali lakuti ndalamayo isayende n'komwe. Munthu apereke ndalama pa positi ofesi ya kwawo, apatsidwe pepala, pepalalo ndilo lilowe mu envelopu, ndipo wolandira akatenge ndalama pa positi ofesi ya kwawonso. Iyi ndiyo money order. Ku Britain inayamba mu 1792 ngati bizinesi ya makalaliki angapo a positi, boma n'kudzaitenga mu 1838. Ku America inayamba mu 1864, nkhondo yapachiweniweni ili m'kati, pamene asilikali ankatumiza malipiro awo kumudzi m'makalata wamba ndipo ambiri sankafika.

Money order inali ndi ntchito yambiri yolembalemba, motero pa tindalama tochepa inkadula. Pa 1 Januwale 1881, pomwe mkulu wa positi ya ku Britain anali Henry Fawcett, munthu wosaona amene ankalimbikira zoti positi izithandiza anthu wamba, kunatuluka postal order. Inali pepala losindikizidwiratu mtengo wake, kuyambira shileni imodzi mpaka paundi imodzi. Pa ya shileni imodzi munthu ankangowonjezera theka la peni. Sipankafunika akaunti ya kubanki. Wogula ankalembapo dzina la wolandira ndi positi ofesi yokatengerako, n'kusunga kachidutswa kokhala ndi nambala ngati umboni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, mapepala amenewa anayamba kugulitsidwa ndi kulipidwa m'mayiko ambiri omwe ankalamulidwa ndi Britain, ndipo anthu a ku Nyasaland, Rhodesia ndi South Africa anawadziwa bwino.

Mgwirizano wa ku Bern

Kutumiza kunja kunali kovuta kuposa pamenepa, chifukwa dziko lililonse linali ndi mitengo yake ndi mapangano akeake ndi mayiko oyandikana nalo. Pa 9 Okutobala 1874, nthumwi za mayiko 22 zinasaina pangano mumzinda wa Bern ku Switzerland, potsatira maganizo a Heinrich von Stephan wa ku Germany. Panganolo linati pa nkhani ya makalata, mayiko onse osainawo akhale ngati dziko limodzi. Bungwe limene linabadwa pamenepo ndilo Universal Postal Union, mwachidule UPU, ndipo mpaka lero pa 9 Okutobala ndi tsiku lokumbukira ntchito zamtokoma padziko lonse. Pa msonkhano wa ku Paris mu 1878, mayiko anagwirizananso za money order yooloka malire ndi za makalata a inshuwalansi.

Lamulo la UPU pa nkhani ya ndalama silipita m'mbali. Ndalama zachitsulo, zamapepala, golide, siliva ndi miyala yamtengo wapatali siziloledwa m'kalata wamba yopita kunja. Zingayende m'kalata ya inshuwalansi, kapena mu envelopu yomata yolembetsa ngati malamulo a dziko lotumiza ndi a dziko lolandira onse akulola. Mayiko ambiri salola n'komwe. Ndiponso kulembetsa kalata sikutanthauza kuti zonse zili m'katimo zidzabwezedwa. Chipukutamisozi cha kalata yolembetsa yopita kunja ikatayika chili ndi malire, pafupifupi madola 40 pa malamulo a UPU, kaya munali chithunzi cha ukwati kaya madola 300.

Dziko la Japan linasankha njira ina pa makalata a m'dziko momwemo. Positi yake imagulitsa envelopu yapadera yotumizira ndalama, yotchedwa genkin kakitome. Wotumiza amanena kuchuluka kwa ndalamazo, amadinda kapena kusaina pomwe envelopu yamatidwa, ndipo ikasowa positi imabweza mpaka mayeni 500,000. Anthu amatumizira m'menemo ndalama za ukwati ndi za chipepeso pamaliro. Dziko la Italy, poona momwe anthu ake opita ku America ankaberedwera ndi osunga ndalama achinyengo, linakhazikitsa lamulo mu 1901 lopatsa Banco di Napoli udindo wosamalira ndalama zotumizidwa kumudzi.

Ya msonkho, ya fizi, ya malata

Kuno kwathu nkhani ya ndalama za m'kalata inabwera pamodzi ndi msonkho wa nyumba. Ntchito zamtokoma m'dziko lomwe lero ndi Malawi zinayamba mu 1891, makalata akunyamulidwa ndi amuna oyenda pansi, thumba pamutu, kuchokera boma lina kufika boma lina, ndipo a kunja ankadzera pa doko la Chinde ku mathiriro a Zambezi. Boma la atsamunda linkafuna msonkho wa ndalama, koma ntchito zolipira bwino zinali kutali: ku migodi ndi mafamu a Southern Rhodesia, ku Copperbelt ndi ku migodi ya golide ya Witwatersrand. Komiti imene inafufuza za nkhaniyi mu 1935, motsogozedwa ndi Travers Lacey, inayerekeza kuti amuna pafupifupi 120,000 a ku Nyasaland anali kunja kwa dziko.

Amene anapita kudzera ku mabungwe olemba anthu ntchito, Wenela kapena Mthandizi wa ku Rhodesia, anali ndi dongosolo lawo. Gawo la malipiro linkasungidwa kuti munthu adzalilandire akabwerera kwawo, ndipo ndalama ina inkatha kutumizidwa kwa mkazi kapena makolo kudzera m'maofesi. Koma ambiri anapita paokha, osalembedwa ndi bungwe lililonse, n'kukagwira ntchito m'mahotela, m'makhitchini ndi m'minda. Awa njira zawo zinali zitatu: postal order, paundi yopindidwa m'kalata, kapena kupatsira mnzawo wobwerera kumudzi.

Njira iliyonse inali ndi minga yake. Kumudzi kunalibe nambala za nyumba, choncho kalata inkalembedwa kudzera kwa mfumu, ku mishoni, kusukulu kapena kusitolo. Isanafike kwa mwini wake inkadutsa m'manja ambiri. Mayi wosadziwa kuwerenga ankafuna wina womuwerengera, ndipo owerenga ena ankadumpha mzere wonena za ndalama. Olemba anaphunzira kutchula kuchuluka kwa ndalamayo m'kalata momwemo, kenako n'kulemberanso mbale wina padera kuti pakhale mboni. Kukasintha postal order nako kunali ulendo, nthawi zina wa tsiku lathunthu wapansi, ndiponso pankafunika munthu wodziwika wochitira umboni kuti mayiyu ndiyedi mwini dzina lolembedwalo.

Choopsa kwambiri chinali chakuti ndalama yosowa panjira inkaononga chibale. Mwamuna ali ku Bulawayo akudabwa kuti akumudzi sathokoza, mkazi ali ku Mzimba kapena ku Dedza akuganiza kuti mwamuna wake wasanduka mtchona. Palibe mwa awiriwo amene anali ndi risiti yoti asonyeze.

Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu 78, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo, ndipo Dr Hastings Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu ntchito za kumigodi. Ulendo wa ku Joni sunathere pomwepo. Anthu anapitirizabe kupita, mochuluka kwambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo ndalama zawo zinayamba kubwera kudzera mwa madalaivala a mabasi ndi a malole. Ku Zimbabwe onyamula katundu ndi ndalama oterewa amadziwika kuti omalayitsha.

Kapepala kogulira sitampa ndi Charles Ponzi

Pali ndalama ina yochepetsetsa imene anthu ankafuna kutumiza kunja: mtengo wa sitampa yoyankhira kalata. Wofunsira malo pasukulu ya kunja sakanaika sitampa ya kwawo, poti sigwira ntchito m'dziko la eni. Msonkhano wa UPU wa ku Rome mu 1906 unavomereza kapepala kotchedwa International Reply Coupon, komwe kanayamba kugulitsidwa mu 1907. Munthu amakagula kwawo, kukaika m'kalata, ndipo wolandira amakasinthitsa ndi sitampa pa positi ofesi ya m'dziko lake.

Kapepala kameneka ndiko kanatchukitsa Charles Ponzi, mbadwa ya ku Italy imene inkakhala ku Boston. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatha, ndalama za mayiko ena a ku Ulaya zinagwa mphamvu, motero kapepala kogulidwa motchipa ku Italy kankatha kusinthidwa ndi masitampa a mtengo woposerapo ku America. Ponzi anauza anthu kuti wapeza mgodi, n'kulonjeza phindu la magawo 50 pa 100 alionse m'masiku 45. Anthu zikwizikwi anamukhuthulira ndalama zawo mu 1920. Iye sankagula timapepalato ayi. Ankangolipira akale ndi ndalama za atsopano. Ofufuza atawerengera anapeza kuti bizinesiyo ikanafuna timapepala pafupifupi 160 miliyoni, pomwe tomwe tinalipo tinali pafupifupi 27,000 tokha. Mu Ogasiti 1920 zonse zinagwa, anthu anataya pafupifupi madola 20 miliyoni, ndipo chinyengo cha mtundu umenewu chimatchedwa ndi dzina lake mpaka lero.

Akathyali a masiku ano nawonso amaikonda ndalama yochepa ya mu envelopu, chifukwa siisiya mapazi ndipo woberedwa madola 20 sapita kupolisi. Kwa zaka pafupifupi 20, okalamba ambiri ku America ankalandira makalata onena kuti achokera kwa mlosi wa ku France, Maria Duval, owalonjeza mwayi ndi chuma akatumiza kandalama pang'ono. Patrice Runner, amene ankayendetsa makalatawo, anapezeka wolakwa ku New York mu 2023 pa mlandu wobera anthu oposa 1.3 miliyoni ndalama zoposa madola 175 miliyoni, ndipo anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 10.

Zomwe envelopu imakumana nazo panjira

Kalata ya lero imadutsa m'makina osankha makalata zikwi zambiri pa ola. Makinawo amafinya envelopu pakati pa malamba othamanga, ndipo ndalama yachitsulo imatha kung'amba pepala n'kugwera pansi popanda wakuba aliyense. Ikafika kumalire, a kasitomu ali ndi mphamvu youunika ndi kuitsegula, ndipo ngati dzikolo limaletsa ndalama m'makalata, ndalamayo ikhoza kulandidwa. Mayiko ambiri, kuphatikizapo Malawi, alinso ndi malamulo oika malire pa ndalama zimene munthu angatulutse m'dziko popanda chilolezo cha banki yaikulu.

Ngakhale ifike bwinobwino, wolandira sanapume. Mabanki ndi malo osinthira ndalama salandira ndalama zachitsulo za kunja. N'chifukwa chake bungwe la UNICEF lakhala likutolera makobidi otsala kwa okwera ndege kuyambira mu 1987. Malo ambiri osinthira ndalama kuno kum'mwera kwa Africa amakana madola akale, ong'ambika kapena olembedwalembedwa, ndipo timapepala ta dola imodzi kapena madola asanu amatigula pa mtengo wotsika kuposa pepala la madola 100. Ndalama nazo zimatha ntchito: mapepala akale a mapaundi 20 ndi 50 a Bank of England anasiya kulandiridwa m'masitolo pambuyo pa 30 Sepitembala 2022. Kwacha yotumizidwa ku London kapena ku New York ndiye siipeza woisintha.

Nthawi nayo imadya ndalama. Ku Zimbabwe mu 2008 mitengo inkakwera tsiku ndi tsiku, moti ndalama ya dzikolo yoponyedwa m'kalata inkafika itatha kale mphamvu, ndipo mu Januwale 2009 banki yaikulu inatulutsa pepala la madola 100 thililiyoni.

Njira zatsopano ndi mtengo wake

Western Union inayamba kutumiza ndalama pa telegalafu mu 1871, koma chimene chinasintha moyo wa otumiza zochepa mu Africa ndi foni ya m'manja. M-Pesa inayamba ku Kenya mu 2007. Ku Malawi, Airtel Money inabwera mu 2012 ndipo TNM Mpamba inatsatira mu 2013. Makampani monga Mukuru, imene inayamba mu 2004, anatsegula timaofesi m'matauni ndi m'maboma momwe mabanja a anthu ogwira ntchito kunja amakalandirira ndalama. Zomwe kale zinkayenda milungu itatu m'thumba la makalata, lero zimafika uthenga wa pafoni usanazizire.

Pamene izi zikukula, zida zakale za positi zikutha chimodzichimodzi. Positi ya ku Britain, Royal Mail, inasiya kugulitsa timapepala toyankhira kalata kumapeto kwa 2011, positi ya ku America inasiya mu 2013, ndipo mu Okutobala 2024 inasiyanso kugulitsa money order yopita kunja. Kwa munthu wokhala ndi foni, chitupa ndi ajenti pafupi, palibe chomwe chatayika. Amene watsala panja ndi wopanda mapepala okhalira m'dziko la eni, yemwe sangalembetse pa kauntala yofuna pasipoti. Wokalamba amene sakhulupirira ndalama yosaoneka ndi maso. Ndi wakumudzi komwe netiweki imachita kusakidwa pachulu. Awa ndiwo amabwererabe ku envelopu ndi kwa dalaivala wa basi.

Ndipo vuto limene Henry Fawcett ankalimbana nalo silinathe. World Bank imayeza mtengo wotumizira madola 200 kuchokera dziko lina kupita lina. M'zaka zaposachedwa, padziko lonse mtengowu wakhala ukupitirira pang'ono magawo 6 pa 100 alionse, koma kutumiza ku mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara kwakhala pafupifupi magawo 8, kudula kuposa chigawo china chilichonse, ndipo njira zochokera ku South Africa kupita ku mayiko oyandikana nayo zakhala m'gulu la zodula kwambiri. Mu 2015 mayiko a United Nations analonjeza kuti pofika 2030 mtengowu udzatsika kufika pansi pa magawo 3, ndi kuti sipadzakhalanso njira yodula kuposa magawo 5. Pa madola 200, kusiyana kwa magawo 8 ndi magawo 3 ndi madola 10. Kwa mayi wogwira ntchito ya m'nyumba ku Cape Town amene amatumiza kwawo ku Mangochi mwezi uliwonse, amenewo ndi madola 120 pachaka, oposa theka la zomwe amatumiza pa mwezi wathunthu.